Ku Gangneung, kokaonera ana akusewera hockey pa ayezi

Lachisanu, 19 Januwale 2024, Seoul

Sukulu inatsekera mu Disembala, ndipo makalasi sayamba mpaka Malichi. Anzanga a konkuno anapita kwa makolo awo, a ku Vietnam ndi ku Indonesia anakwera ndege, m'hostelo mwangoti zii. Za tikiti yobwerera kumudzi, yodzera ku Addis Ababa ija, mukamva mtengo wake musiya kundifunsa kuti ndibwera liti. Choncho nditamva kuti m'chigawo cha Gangwon, kuno ku South Korea, muli masewera a Olimpiki a achinyamata a nyengo yozizira, komanso kuti kuonera n'kwaulere bola walembetsa pa intaneti, ndinati tchuthi changa ndi chimenechi.

Atsegulira usiku uno. Mwambo wa mumzinda wa Gangneung, m'chigawo chomwecho, ndi wokhawo wolipiritsa, ndiye ndauonera pa TV ya m'chipinda chodyera, mbale ya mpunga ili pamwendo. Aka n'kachinayi kuchita masewerawa. Anayambira ku Innsbruck mu 2012, kenako ku Lillehammer mu 2016 ndi ku Lausanne mu 2020, ndipo ku Asia kuno afika koyamba. Kwabwera ana pafupifupi 1,800 ochokera m'mayiko 78, a zaka 15 mpaka 18. Mbendera za ku Africa zinadutsa zowerengeka. Ndaona ya Kenya, ya Nigeria, ya Tunisia, ya South Africa. Yathu ayi, ndipo sindinaiyembekezere.

Ine ndasankha hockey wa pa ayezi, pa chifukwa chosanyaditsa: amaseweredwa m'nyumba yofolera, pamene masewera enawo umafunika kuima paphiri tsiku lonse mphepo ikukumenya. Komanso hockey wa pa udzu ndinkamuonako ku Chichiri, ana a sukulu akuthamangitsana ndi ndodo zokhota, ndiye ndikukhulupirira kuti sindikasochera kwenikweni.

M'chikwama muli masokosi onse amene ndili nawo, timapaketi totenthetsa m'manja timene amagulitsa m'mashopu a usiku wonse, ndi ufa pang'ono mwina kumeneko kukapezeka poto.

Loweruka, 20 Januwale, Gangneung

Tikiti ya sitima yothamanga ya KTX kuchokera ku Seoul Station kukafika ku Gangneung ndi 27,600 won. Ndinachita masamu amene aliyense wa kwathu amachita ngakhale tinalumbira kuti tisiya: pafupifupi K35,000, chigwereni kwacha mu Novembala muja. Ndinatseka foni.

Ulendo wake ndi wa maola awiri. Mukadutsa Cheongnyangni ndi Yangpyeong nyumba zazitali zimatha, kumayamba mapiri. Pa Hoengseong pansi panali patayamba kuyera, pofika pa Jinbu sunkathanso kusiyanitsa munda ndi msewu. Kenako sitima inalowa m'ngalande ya pansi pa phiri la Daegwallyeong, yotalika makilomita oposa 21, ndipo makutu anatseka. Mayi wina amene ndinakhala naye anaona ndikungomeza malovu, anatulutsa manachesi awiri m'jumbo n'kundiikira m'manja osanena kanthu. Nditathokoza anandifunsa kwathu. Ndinati Malawi. Anati Mali? Ndinawatsegulira mapu. Anayang'ana nyanja yathu kwa nthawi, kenako anandipatsa nachesi lachitatu.

Titatuluka m'ngalandemo tinapeza Gangneung ali pakati pa mvula ndi chipale chofewa, chonyowa, chomata pa jekete. Malo ogona ndinawapeza pa intaneti, kanyumba ka agogo ena amene amabwereketsa zipinda kuseri kwa msika. Bedi mulibe. Amakupatsa matiresi opyapyala, uyale pansi, ndipo pansipo m'pamene pamatentha chifukwa pali mapaipi a madzi otentha. Agogowo sanandifunse dzina. Anangoti, "Mwana wa sukulu iwe, wadya?"

Kuchokera pa siteshoni kupita ku Olympic Park ndi ulendo wapansi wosatopetsa kukakhala kouma. Lero nsapato zinamwa madzi ndisanafike theka. Mabwalo ake ndi omwe aja a Olimpiki ya 2018, sanamange atsopano. Gangneung Hockey Centre imalowa anthu 10,000, ndipo m'menemu ndi mmene osewera a ku Russia anagonjetsera Germany 4-3 pa ndime yomaliza ya abambo chaka chimenecho. Pakhomo ana a yunivesite ongodzipereka anaunika foni yanga, n'kundiwerama ngati ndalipira.

Sabata ino ndi ya hockey wa atatu-atatu. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera atatu ndi goloboyi, ndipo bwalo alidula kuti lichepe. Chinthu choyamba chimene chinandipeza ndi phokoso. Zitsulo za kunsi kwa nsapato zimapala ayezi kuti khwee, ndodo zimawombana, ndipo kamphira kakuda kophwatalala kamene amalimbirana, kotchedwa puck, kakamenya khoma la m'mbali umachita kudzidzimuka. Chachiwiri n'chakuti kamphirako sindinkakaona. Ndinkangoona anthu akukweza ndodo m'mwamba, ndiye ndadziwa kuti chalowa. Bambo wina wokhala kumbuyo kwanga anandiuza ndi manja kuti ndisamasake kamphira, ndiziyang'ana kumene mitu ya osewera yaloza. Zinathandizadi.

Madzulo ndadya zakudya za m'kapu mu shopu, kenako ndinaima pawindo la malo ena odyera nkhuku kuonera Korea ikufanana mphamvu ndi Jordan 2-2 pa mpira wamiyendo wa chikho cha Asia ku Qatar. M'menemo munadzaza. Za hockey panalibe amene ankazitchula.

Lamulungu, 21 Januwale

Chagwa usiku wonse. M'mawa ndinamva kukhwekhwereza panja, kusuzumira, agogo ali ndi fosholo yapulasitiki akutsegula njira. Ndinatuluka kukawalanda. Anakana kawiri, kachitatu anandipatsa n'kuima pambali kumandilangiza. Chipale chonyowa n'cholemera kuposa mmene chimaonekera pa zithunzi, msana ukundiuza zimenezo panopa. Malipiro ake anali msuzi wotentha wa nyemba zowola pang'ono zija, mpunga, ndi kimchi (ndiwo zamasamba zosasitsa, za tsabola) ya chaka chatha imene inandituluitsa misozi.

Kumapiri akuti chagwa chopitirira masentimita 40 malo ena, ndipo zochitika zina za panja aziimitsa. Basi ndinaidikira mpaka zala za kumapazi zinasiya kumveka. Hockey ndiye alibe nazo ntchito, ali m'nyumba.

Lero ndayamba kumvetsa kasinthidwe ka osewera. Belu limalira pakangopita kanthawi kochepa, pafupifupi mphindi imodzi, ndipo atatu amene ali m'bwalo amasiya kamphira pomwe kali n'kuthamangira kubenchi, ena atatu n'kulowa. Poyamba ndinkaona ngati akuwalanda masewera ali pakati. Koma ukayang'ana mwana amene wangotuluka kumene, mmene chifuwa chikukwerera ndi kutsika, umadziwa kuti mphindi imodziyo ndi yaitali. Ubwino wake wina ndi wakuti aliyense amasewera. Palibe mwana amene wauluka ulendo wonsewu kudzangokhala pabenchi.

Mayiko amene ali m'gawoli ndi amene anandikopa. Kwa atsikana kuli Hungary, Korea, China, Italy, Turkey, Australia, Netherlands ndi Mexico. Kwa anyamata kuli Latvia, Denmark, Kazakhstan, Austria, Poland, Great Britain, Spain ndi Chinese Taipei. Akuluakulu a masewerawa, a Canada, America, Sweden ndi Finland, sali muno. Iwo abwera sabata yamawa ku mpikisano wa bwalo lonse. Ku Lausanne mu 2020 gawo la atatu-atatuli analichita mosiyana: anasakaniza ana a mayiko osiyanasiyana m'timu imodzi, matimuwo n'kuwatcha mayina a mitundu, obiriwira, ofiira, achikasu. Chaka chino aliyense wavala mbendera ya kwawo. Ndikadakonda kuona za ku Lausanne zija, mwana wa ku Mexico akupatsirana ndi wa ku Finland osamvana chilankhulo. Koma makolo amene ali m'mipandomu ndi mbendera zawo sangagwirizane nane.

Lachiwiri, 23 Januwale

Dzulo sindinalembe. Manja anakana. Chipale chitasiya, kwabwera chisanu chenicheni, chouma, cha mphepo yochokera kumapiri. Mphuno zimauma mkati ukamapuma, ndipo batire ya foni imatha ukungoiyang'ana. Chimene chinasungunuka Lamulungu chaundana, ndiye misewu ya m'mbali yonse ndi galasi. Ndikuyenda motambalala miyendo, manja kunja kwa matumba. Ndinaimbira amayi. Iwo akuti kumudzi kukutentha ndipo akudikira mvula kuti athire feteleza wachiwiri. Anandifunsa ngati ana a eniwo sakudwala chibayo posewera pa madzi oundana. Ndinawauza kuti amatuluka thukuta. Sanakhulupirire.

Ndakhala nthawi yaitali lero pafupi ndi makolo. Mayi wina wa ku Mexico anali atafunda mbendera pamwamba pa bulangete, akukuwa mpaka mawu kusasa pamene timu yawo inkangomwetsedwa zigoli. Pa nthawi yopuma tinagawana madzi otentha a m'fulasiki. Anandiuza kuti kwawo mabwalo a ayezi ndi ochepa, ena ali m'nyumba za mashopu, ndipo ana amapatsidwa nthawi yoyeserera usiku anthu ogula akapita. Bambo wina wa ku Australia anaseka n'kunena kuti kwawo n'chimodzimodzi, kungoti iwo amadzuka kusanache, ndipo panopa kwawo n'chilimwe, anachoka atavala kabudula. Kenako anayamba kundiwerengera zimene mwana amavala: chisoti chokhala ndi waya kumaso, zoteteza mapewa, zigongono, mawondo, magolovesi, nsapato zofunika kunola pafupipafupi, ndi ndodo zimene zimathyoka. Wa pagolo ndiye amavala zowirikiza. Mwanayo akakula pang'ono, zonse zathina, yambaninso. Mtengo sanautchule, anangopukusa mutu.

Apa m'pamene ndinaona kuti zigoli za pa bolodi sizikunena za ana okha. Atsikana a ku Hungary akuthibula aliyense amene wakumana nawo, ndipo ukawaona akubwerera chammbuyo pa liwiro lomwe lija osayang'ana pansi, umadziwa kuti anayamba kuterereka asanayambe sukulu. Amene akugonjawo si aulesi. Ndi ana amene ayezi amamupeza kwa ola limodzi kapena awiri pa sabata. Ku Nairobi kuli timu ya Ice Lions imene imayeserera pa kabwalo ka mu hotela ya Panari, ndipo m'chigawo chonse cha kum'mawa kwa Africa kulibe kena. Ayezi wa m'bwalo sakhala yekha. Pansi pake pali mapaipi oyenda madzi ozizira kwambiri, makina akulira usana ndi usiku. Magetsi atati athime kwa tsiku limodzi, mwatsala ndi dziwe.

Chimene chimandisangalatsa mopusa ndi galimoto yosalaza ayezi. Imalowa pa nthawi yopuma, imapala pamwamba pomwe pakumbika, imawola zopalidwazo, n'kumwaza madzi otentha kumbuyo, ndipo pomwe yadutsa pamasiya kunyezimira. Anaipanga ndi Frank Zamboni ku California mu 1949, ndipo mpaka lero anthu amangoitchula dzina lakelo. Ana a sukulu ya mkaka amene anabwera ndi aphunzitsi awo anaiombera m'manja kuposa mmene anaombera chigoli chilichonse. Ine ndinali nawo.

Usiku pa TV aonetsa mnyamata wa ku Tunisia, Jonathan Lourimi, atapata mendulo ya siliva pa kangolo kotsetsereka ka munthu mmodzi ku Pyeongchang. Golide watenga So Jae-hwan wa konkuno. Ndinakuwa ndekha m'chipinda mpaka agogo anagogoda kufunsa ngati kwagwa kanthu.

Lachitatu, 24 Januwale

Atsikana a Korea agonjetsa China 6-4 ndipo alowa m'ndime yomaliza. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'bwalomo munali phokoso loti sumva mnzako. Akuti dziko lino silinapatepo mendulo ya hockey wa pa ayezi pa masewera a Olimpiki a mtundu uliwonse, ndiye ngakhale atagonja mawa, yabwera kale.

Panja pa bwalo akonza kabwalo ka ayezi ka aliyense, nsapato amabwereketsa. Ndakhala ndikukazungulira patali masiku onsewa. Lero mtsikana wina wa ongodziperekawo anandigwira jekete n'kunena kuti sindingabwere kuchokera ku Africa n'kubwerera osapondapo. Ndinavala. Abale anga, ndinachita mantha enieni. Akakolo amagwedera, ndipo mapazi amapita kumene iwe sunawatume. Ndinakangamira mpanda, kamwana ka zaka ngati zisanu kakundizungulira, kakundiyang'ana mwachisoni. Nditausiya mpandawo ndinayenda pang'ono, kenako ndinapezeka ndikuyang'ana kumwamba. Chiuno chikuwawa. Ndikakumbuka kuti ana aja amachita zimenezi akuthamanga, ndodo ili m'manja, maso ali kwa mnzawo, wina akuwakankha, ndasiya kuseka aliyense amene waphonya golo.

Ndadya ku Jungang Market. Anandilozera chakudya cha kuno chotchedwa ongsimi, timibulu ta mbatata ya kachewere yopala, tophikidwa mu msuzi. Kunanda kwake mkamwa ndi kwa kondowole weniweni, ndipo ndinaitanitsa mbale yachiwiri. Mayi wogulitsa anandiwonjezera osandilipiritsa.

Lachinayi, 25 Januwale

Ndinalawirira, ndipo ndinachita bwino chifukwa mzere unafika kumsewu. Mabanja, asilikali ovala yunifolomu, magulu a ana a sukulu, agogo ovala majekete ofiira. Ambiri mwa iwo, ndikuganiza, anali asanaonerepo hockey chibadwire, ngati ine sabata yatha. Ndinapezeka ndikufotokozera bambo wina woyandikana naye chifukwa chimene belu likulirira.

Hungary yapambana 10-2. Sizinali zokayikitsa. M'ndime yoyambirira matimu awiriwa atakumana, Korea sinapeze ngakhale chigoli chimodzi. Ndiye chitalowa choyamba cha Korea lero, bwalo linaphulika ngati atenga chikho, bambo woyandikana naye uja anandikumbatira, kapu yake ya khofi n'kutayikira pa nsapato zanga. Atsikana a Hungary anangoyang'anana, n'kubwerera kukagoletsa zina. Mendulo ya buronzi yapita ku China. Kwa anyamata golide watenga Latvia atagonjetsa Denmark, Kazakhstan n'kukhala yachitatu.

Masewera akatha matimu awiri amandandalika n'kudutsana akugwirana chanza, mmodzimmodzi, mpaka magoloboyi. Ndiyeno amavula zisoti. Apa m'pamene mtima unandigunda. Nthawi yonseyi umaona zimphona za mapewa otambalala, zopanda nkhope. Chisoti chikachoka ukupeza kamwana ka zaka 15, tsitsi litamata ndi thukuta, ziphuphu kumaso, mawaya m'mano, kakusakasaka amayi ake m'mipando. Wina wa Korea ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, mendulo ataigwira ndi manja awiri.

Madzulo ndinakwera basi kupita ku Chodang, mudzi wodziwika ndi tofu wofewa, chakudya chopangidwa kuchokera ku soya, amene amamuumitsa ndi madzi a m'nyanja. Ndi woyera, wotentha, wopanda ukali, ndipo umathiramo wekha sosi wa soya. Kunena zoona sanandikhutitse, ndinadzagulanso buledi pobwerera. Kumsewu wa khofi wa ku Anmok kumene aliyense amajambulitsa sindinapiteko. Khofi wa 6,000 won ndi nkhomaliro yanga.

Ku mpira wamiyendo Korea yafanananso mphamvu, 3-3 ndi Malaysia. Mwini shopu wa pakona anali wokwiya moti anaiwala kundipatsa chenji, n'kundithamangira nacho mpaka pa geti.

Lamulungu, 28 Januwale

Ndalama zayamba kuonekera pansi. Chipinda cha agogo ndachisiya Lachisanu, ndipo anandilola kusiya chikwama kwawo. Tsopano ndikugona ku jjimjilbang, nyumba yosambira imene imatsegula usiku wonse, pa mtengo wosakwana 15,000 won. Amakupatsa kabudula ndi malaya, kiyi wa loka umamanga padzanja, ndipo umagona pansi m'chiholo chachikulu pamodzi ndi anthu osawadziwa, mutu pa kapilo kolimba. Chovuta ndi kosambira. Kumeneko aliyense amavula zonse, ndipo munthu wakuda yekhayo m'nyumba yonse ndi iwe. Ndinaima pa loka nthawi yaitali ndikunamizira kufuna chinachake m'thumba. Nditalowa anandiyang'ana, inde, kenako aliyense anabwerera kukadzikhula. Mkulu wina anandilozera dziwe lotentha bwino, n'kundichenjeza za linalo. Chiuno chija chapola. Tulo ndiye ayi, muli akatswiri a mkonono.

Dzulo wayamba mpikisano wa bwalo lonse, osewera asanu ndi goloboyi mbali iliyonse, matimu asanu ndi limodzi a anyamata ndi ena otero a atsikana. Anyamata ndi a America, Canada, Czechia, Finland, Slovakia ndi Korea. Atsikana ndi a Sweden, Japan, Germany, Switzerland, France ndi Norway. Russia, imene anyamata ake anatenga golide mu 2020, kulibe chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine.

Awa ndi masewera ena. Belu losinthira kulibe, osewera amalumpha khoma kulowa ndi kutuluka masewera ali mkati. Pali mizere iwiri ya buluu, ndipo sungalowe chigawo cha adani kamphira kasanalowe. Ukalakwa, monga kukola mnzako ndi ndodo, oyimbira amakutumiza kukakhala m'kachipinda kagalasi, timu yako n'kutsala yoperewera. Anyamata amaloledwa kugundana ndi thupi, ndipo akapanikizana pakhoma galasi lonse limanjenjemera. Ndinakhala mzere wakutsogolo kamodzi, sindinabwererenso.

Ana a Canada ndi America ndi a msinkhu womwewo, zaka 15 ndi 16, koma amayenda ndi gulu la aphunzitsi, madokotala ndi onyamula katundu. M'mipando muli azibambo ovala majekete akuda, sakuwa, saomba m'manja, amangolemba m'timabuku. Luso lilipo, lochititsa kaso. Koma ndikusowa mayi wa ku Mexico uja.

Lachiwiri, 30 Januwale

America ndi Canada m'semifainolo. Ndabweza pang'ono mawu anga a Lamulungu, chifukwa zimene ndaona lero sindidzaziiwala msanga. Zigoli zimangosinthana, wina akatsogola mnzake wabweza, ndipo nthawi inatha ali ofanana. Anakathera ku mapenate. Penate ya hockey siimenyedwa utaima. Wosewera amanyamuka pakati pa bwalo yekhayekha ndi kamphira, akukasuntha uku ndi uku, goloboyi akutuluka pang'ono kudzamuchingamira kenako n'kumabwerera chammbuyo. Bwalo lonse limakhala chete moti umamva chitsulo chikudula ayezi. America yapambana. Ana a Canada anakhala pabenchi mitu ili pansi, ndipo palibe amene anawafulumiza.

Kwawoko masewerawa ndi nkhani ya dziko lonse, ndipo ana amenewa amadziwa kuti kubwerera opanda golide anthu akafunsa. Atsikana a Korea anagonja ndi zigoli zisanu ndi zitatu n'kutuluka akuvina. Awa agonja ndi penate ndipo akuoneka ngati kwagwa maliro.

Ndadya kalguksu, msuzi wa timizere ta ufa wa tirigu, wa tsabola wofiira pafupi ndi siteshoni, 8,000 won, ndipo thukuta linatuluka koyamba chichokereni ku Seoul. Usiku uno kugona kulibe: mpira wa Korea ndi Saudi Arabia uyamba 1 koloko, ndipo TV ya m'chiholo aikweza kale.

Lachitatu, 31 Januwale

Mmene ndinanenera. Cho Gue-sung wa Korea anabweza chigoli nthawi yowonjezera itatsala pang'ono kutha, anthu ovala makabudula ofanana anadumpha pamwamba pa anzawo ogona, ndipo goloboyi wa Korea Jo Hyeon-woo atagwira mapenate awiri wina anagulira aliyense mazira owiritsa ndi chakumwa chozizira cha mpunga. Ndinagona cha m'ma 4.

Choncho ndime zomaliza za hockey ndaziona ndi maso ofiira. Kwa atsikana Sweden yagonjetsa Japan. Pali kambiri kake: Sweden inatenga golide mu 2012 ndi mu 2016, koma ku Lausanne mu 2020 Japan ndi imene inawalanda pa ndime yomaliza. Ana a lerowa nthawi imeneyo anali ku pulayimale, komabe anakondwera ngati ngongoleyo inali yawo. Atsikana a Japan ndi ang'onoang'ono matupi, othamanga, ndipo atagonja anandandalika n'kuweramira mbali zonse za bwalo. Germany yatenga buronzi.

Kwa anyamata America yagonjetsa Czechia 4-0. Masapota a Czechia anali ochepa koma anali ndi ng'oma, ndipo sanaisiye mpaka belu lomaliza. Litalira, ana a America anaponya magolovesi, ndodo ndi zisoti m'mwamba n'kukaunjikana pa goloboyi wawo, bwalo lonse mbwee zinthu. Kenako anabwerera kukatola okha, aliyense akusaka golovesi yake. Finland yatenga buronzi, Canada ikubwerera chimanjamanja.

Potuluka mnyamata wina wa ongodzipereka, amene wakhala akuunika foni yanga pakhomo, anandipatsa kabaji ka Moongcho, kachidole ka masewerawa kooneka ngati mpira wa chipale. Ana akhala akusinthana timabaji totere sabata zonsezi. Ine ndinalibe chomubwezera, ndiye ndinamupatsa K200 yapepala imene inatsalira m'chikwama cha ndalama. Anaitembenuza kangapo, n'kufunsa kuti mayi ali pamenepoyo ndani. Ndinamuuza za Rose Chibambo titaima pamphepo, mzere wa anthu ukutidutsa.

Lachinayi, 1 Febuluwale, m'basi

Atseka usiku uno panja pa bwalo la hockey, koma ine sindidikira. Ndakatenga chikwama kwa agogo. Ufa uja sindinauphike, ndawasiyira pamodzi ndi malangizo a manja, ndipo akuti akaphika phala. Anandiikira mbatata zowotcha m'nyuzipepala.

Ndakwera basi yopita ku Dong Seoul chifukwa ndi yotsika mtengo kuposa sitima, ngakhale imachedwerapo. Msewu wake umakwera Daegwallyeong pamwamba, ndiye phiri limene ndinalidutsa mumdima popita ndikuliona tsopano, ndi makina amphepo opangira magetsi atandandalika pamzere. Dalaivala walengeza kuti tiima mphindi 15 pamalo opumira, ndipo wochedwa amusiya. Msuweni wanga wa ku Ndirande watumiza uthenga kufunsa ngati ndingamubweretsere ndodo ya hockey ya kunoko. Ndamuyankha kuti ya pa ayezi ndi yaitali, siingamuthandize pa udzu, komanso ndamutumizira mtengo wake. Sanayankhebe.